Musadine D Musanawerenge Izi

Bambo a mwana,

Ndathamangira kuchipatala, achemwali matenda awayamba. Musanakhudze vidiyo ya ukwati imene eni ake akudzatenga madzulo ija, imvani izi.

Ndimapukuta fumbi pa kompyuta yanu ili choyaka, ndiye pulogalamu yodulira mavidiyo ija yandifunsa kanthu. Ine pofulumira ndangovomera. Basi mabatani onse amene munasintha aja abwerera mwakale. Ndayesa D, amene inu mumadulira, koma pano akufufuta. Zolankhula zonse za amalume a mkwatibwi zapita.

Achimwene anga pafoni akuti kompyutayo musazimitse, dinani kaye Ctrl ndi Z, zibwerera. Ine sindikhudzanso, zandikwana.

Pepani ndithu. Komabe paja munkadandaula nokha kuti akuluwo analankhula motalika.

Mayi a mwana