Manja a Bambo

Lachiwiri, 14 Meyi 1957

Bambo amasulidwa msonkho. Mpaka kufa salipiranso. Zaka zonsezi akupita ku Boma kukaonetsa imvi, lero lokha ndiye awakhulupirira. Akuti kalaliki anawayasamulitsa n'kuyang'ana mano ngati mbuzi ya pamsika. Wapeza usinini wokhawokha, nkhani yathera pomwepo.

Anapita pa njinga ya a Gladson, amuna anga, poti nawonso anali ndi zawo ku Bomako. Khonsolo imakambirana za msonkho watsopano, masheleni awiri pamwamba pa wakale uja. Jekete ya Bambo inadyedwa ndi mphemvu, ndiye a Gladson anati ndikabwereke ya achimwene anga, a Kalisto, yakuda ija. Achimwene ali nazo ziwiri. Bambo ndi aafupi, ndinapinda mikono n'kusoka pang'ono mkati. Anatuluka ngati mkwati.

Abwera akuseka okha. Akuti Bwana Disi mwini wake anatuluka pakhonde n'kuwapatsa chiphaso chowamasula msonkho pamanja. Iwo kuika m'thumba, chipewa m'khwapa, kugwada, kuwomba m'manja monga mwa masiku onse. Bambo sangalandire ngakhale chikho cha madzi osawomba, ngakhale wopereka ndi ine amene anandipukuta mamina. Akuti panali munthu wa kamera, wawajambula. Akufuna chithunzicho adzapachike pafupi ndi cha Amayi Maria. Ndati mwina tifunse kaye Amayiwo.

Za khonsolo, phokoso lokhalokha. Achimwene ali mkati, akuti msonkhowo utsike ukhale sheleni imodzi, ndalamazo zikumbe zitsime. A Gladson ali panja ndi anzawo, akuti ngakhale kobiri iyayi, wolowa m'khonsolo wagulidwa kale. Chipani chimodzi, alamu awiri, onse akufuna utcheyamani wa nthambi mwezi wamawa. Ine pakati. Ulusi ndasola, jekete ndasita ndabweza, achimwene sadziwa kuti inasokedwapo. Sopo watha.

Loweruka, 25 Meyi



Ku Njuli kukagula mchere ndi palafini. Pa sitolo ya a Abdulkarim anthu mulu, mitu pamodzi, akuona Kalilole, nyuzi ija azungu amasindikiza m'Chinyanja ku Blantyre. Nditalowa onse zii. Wina kundipatukira ngati ndanyamula maliro.

Tsamba loyamba, Bambo. Atagwada, manja pamodzi, nkhope yonse chimwemwe. Bwana Disi chilili pamwamba pawo. Pansi pake zilembo zikuluzikulu: ANTHU A KU CHIRADZULU ATHOKOZA BOMA CHIFUKWA CHA MSONKHO WATSOPANO.

Mayi ine! Munthu anapita kukachotsedwa msonkho, amuika kuti akuthokoza msonkho! Chiphaso sichikuoneka, chinali kale m'thumba. Ndawerenga, ndabwereza, mwina maso anga. Iyayi, zili choncho ndithu. Dzina sanalembe, angoti nkhalamba ina yolemekezeka.

Nkhani yake ikuti msonkhano unali wa mtendere, okana anali anyamata owerengeka oledzera. A Gladson samwa ngakhale thobwa logona. Za achimwene ndi sheleni yawo imodzi palibe ngakhale mzere, ngati sanalankhule. Kodi wolembayo analipo? Analipo, si uyo anajambula.

A Abdulkarim anandipatsa nyuziyo n'kundibwezera tiki yanga. Anati, "Tengani mayi, ine sindingakulungire mchere nkhope ya a Mikaele." Palafini ndaiwala.

Lamulungu, 26 Meyi

Ndawaonetsa titachoka ku Misa. Bambo sawerenga. Anaigwira nyuziyo ndi manja awiri, kuiyandikiza, kuitalikitsa, n'kuti jekete yakhala bwino. Anaitana a Nabanda, oyandikana nafe, kuti adzaone.  Kenaka anafunsa kuti pansipo alemba chiyani.

Ndinafuna kunama. Sindinathe. Ndinawerenga.

Nditamaliza anati, "Magdalena, werenganso bwino. Pepala losindikiza linganame?" Zosindikiza zimene akuzidziwa ndi Katekisimu ndi buku la nyimbo basi. Ndinalira ine, iwo ayi.

Achimwene anafika masana, ukali wosasimbika. Akuti mawa akwera basi ya ku Blantyre akakonzetse. A Gladson anaitola nyuziyo. Anayang'anitsitsa chithunzicho kwa nthawi, n'kupempha kuti atenge nyuziyo akaonetse akuluakulu a chipani ku Limbe. Ndawapatsa. Anali pompo tsiku lija, anaona zonse ndi maso awo, akanena iwo anthu akamva. Mtima watsikako pang'ono.

Lachinayi, 30 Meyi. Kukwera Kumwamba

Achimwene anabwerera manja lende. Anawakhazika pabenchi mpaka masana, kenaka kalaliki wina anawauza kuti chithunzi n'chitsanzo chabe, munthu sanatchulidwe, walakwiridwa ndani? Ndalama ya basi yapita chabe. Chitsanzo! Bambo anga ndi chitsanzo.

Komabe kuno kwathu ku Nchema anthu akungoseka azunguwo. Ndani sadziwa a Mikaele Kalinde oimba belu? Anabwera m'mudzi muno ngati mkamwini ndisanabadwe, Amayi atamwalira mbumba inakana kuti abwerere kwawo. A Nabanda akuti nyuzi imeneyo sabata yamawa ikhala itapichiridwa fodya. Mwina zitha.

Ku chipatala cha mishoni kumene ndimachapa ndi kukolopa, ntchito yachuluka, chifuwa paliponse ndi chiperoni chimenechi. Nsalu sizikuuma. Sisitere wandidula tsiku la Loweruka lija.

A Gladson abwera kuchokera ku Limbe, malaya ali ndi inki pamimba ponse. Makina a nyuzi ya chipani amapukusa ndi manja, akuti amadontha. Ndanyika m'madzi a mandimu. Abwera ndi shuga, zachilendo.

Lolemba, 3 Juni

Sindikudziwa ndiyambire pati.

Ku wodi ya amuna, wodwazika wina akuwerengera anzake Tadzuka mokweza. Nyuzi yathu, ya chipani, ya kobiri limodzi, imene ine ndimabisa m'dengu la chinangwa kuti amesenjala asaione. Ndikukolopa, ndamva dzina la Bambo. Ndinamulanda osapempha n'komwe.

Ndakopera apa kuti ndisadzati ndinalota: "Nkhalamba yogwada mu Kalilole ndi Mikaele Kalinde wa ku Nchema, bambo wake wa Kalisto Kalinde wa m'khonsolo. Jekete wavalayo ndi ya Kalistoyo, anachita kupinda mikono n'kusoka mkati. Mwana anaveka bambo wake n'kumutuma kukawombera msonkho m'manja. Kodi munthu wotere angatsogolere nthambi?"

Za chiphaso palibe. Za ukalamba palibe. Azungu aja anasiyako dzina, athu alemba ndi mudzi womwe.

Ndinakhala pa chidebe, nyuzi ili m'manja. Sisitere akuti kodi ndili ndi pakati.

Mikonoyo. Pa chithunzi sizikuoneka. Achimwene sadziwa, ulusi ndinasola ndisanabweze. Odziwa tinali atatu m'nyumba muja: ine wosoka, Bambo ovala, ndi amene anagwira galasi.

Malaya aja ali pa chingwe, inki sinachoke yonse. Sindilemba dzina. Sindilemba.

Lachitatu, 5 Juni

Nandolo za Bambo azithyola, munda wonse wa kumtunda. Sanabe, angothyola n'kusiya. Achimwene awagenda ku Njuli, chipumi chatupa. Kuchitsime ndikafika nkhani imaduka. A Nabanda omwe aja anandifunsa chapansipansi ngati n'zoona kuti Bambo analandira bulangete kwa Bwana Disi. Kalilole atanama anaseka, Tadzuka atanama akhulupirira. Poti ndi yathu.

Dzulo popita kukaimba belu, anyamata anawatsatira Bambo kumbuyo akuwomba m'manja. Iwo anaganiza kuti ndi moni, anatembenuka n'kubweza. Anandiuza okha, akudabwa kuti ana a masiku ano ayamba ulemu. Ndinatuluka panja kuti asaone nkhope yanga.

Ndawafunsa a Gladson. Ndimayembekeza akana, ndinali nditakonzeka kuwakhulupirira, Mulungu akudziwa. Sanakane. Akudya mbatata, osasiya n'kutafuna komwe, anati, "Apongozi ndawanamizira pati? Sanagwade? Jekete si ya alamu?" Ndati nanga chiphaso, simunachione? Akuti za chiphaso safunsa munthu. Akuti anayamba ndi azungu, iwo angotola chibonga chomwecho. Akuti msonkho ukadutsa alira ndi dziko lonse, osati nkhalamba imodzi, ndipo alamu akapambana msonkho wadutsa. "Chisankho chikatha anthu aiwala, mayi a Eluby. Nandolo ndidzawagulira."

Nandolo!

Ndafunsa ngati za kubwereka jekete anakonzeratu. Akuti ayi, mwayi unangogwa. Mwayi, eti. Munthu amene Bambo anamupatsa munda wa kudimba, amene anamuphunzitsa kufolera nyumba ino. Ndakhala naye zaka zonsezi, ndimati ndimamudziwa ndi kutsokomola komwe.

Mbatata ndinazichotsa pamaso pawo. Ndi zokhazo ndinatha.

Lamulungu, 9 Juni. Pentekoste

Ndikanawaletsa. Ndinayesa.

Achimwene anawauza Bambo zonse Lachisanu, za Tadzuka, za anyamata aja, za wolemba. Bambo anati palibe vuto, akaonetsa chiphaso pa msonkhano wa chisankho, anthu akaona chidindo amvetsa. Anavala jekete yawo yodyedwa ndi mphemvu ija. Titatuluka m'tchalitchi, wapansi mpaka ku Njuli, ine pambuyo.

Anthu odzaza pansi pa mitengo ya mango. Tebulo kutsogolo, akuluakulu ochokera ku Limbe, a Gladson mbali iyi, achimwene mbali iyo ndi chipumi chawo. Asanayambe n'kupemphera komwe, kutukwanizana. Awa akuti ogulitsa dziko, awa akuti mbuli zofuna kutiphetsa. Wina akugwedeza Tadzuka m'mwamba, wina Kalilole. Za msonkho weniweniwo, awiri kapena imodzi, sindinamve wotchula.

Bambo anadutsa pakati pa anthu pang'onopang'ono. Phokoso linatsika. Ndinati Ambuye zikomo, awamvera. Anafika patsogolo pa tebulo, anavula chipewa, anaika m'khwapa. Ndinazindikira mochedwa. Ndinafuna kukuwa kuti Bambo musatero.

Munthu wa msinkhu wawo salankhula pa bwalo asanapemphe. Anagwada. Anawomba m'manja.

Ndendende chithunzi chija.

Wina anakuwa kuti, "Ayambanso!" Bwalo lonse linaphulika. Kuseka, mluzu, anyamata kugwada kuwatsanzira, amayi ena amene ndinawachapira matewera ku chipatala akugwirana mapewa. Bambo chigwadire, akuyang'ana uku ndi uku, akumwetulirabe pang'ono, osadziwa chosekedwa. Kenaka anadziwa. Ndinaona pamene anadziwira. Anayang'ana manja awo.

Chiphaso sichinatuluke m'thumba.

Ndinayang'ana a Gladson. Liwu limodzi lokha, kuimirira chabe n'kuti ndinalipo ine, likanakwana. Anali kusanja mapepala pa tebulo.

Achimwene analumphira munthu, ndeu. Ine ndinawadzutsa Bambo, opepuka ngati mwana.  Tili pa mlatho tinamva nthungululu kumbuyo. A Gladson apambana.

Lachitatu, 12 Juni

Zovala za a Gladson ndakulunga mu mphasa, pamodzi ndi lumo, nsapato ndi shuga uja. Ndaika pakhonde. Ankhoswe ndawaitana Loweruka. Nyumba anamanga okha, koma dothi ndi la Amayi anga. A Gladson anabwera, anaona, anati ndikuchititsa manyazi tcheyamani pa nthawi yovuta. Anakweza katundu pa njinga yomwe ija. Eluby, mwana wathu, akufunsa ngati bambo ake apita ku Limbe. Ndati eya. Fizi yake ya sukulu sindikudziwa.

Msonkho wadutsa dzulo, masheleni awiri. Achimwene anatula pansi udindo Lolemba, ndiye m'khonsolo munalibe wonena za imodzi. A Abdulkarim akuti nyuzi zonse ziwiri zafika, iliyonse ikuti mbali yake yapambana. Ndati akulungire mchere.

Belu akuimba wina. Bambo akuti bondo.

Madzulo ano ndinawapeza pakhonde pawo, atakhala, manja atawapanikiza pakati pa mawondo. Ndinawatengera madzi akumwa. Ndinagwada, ndinatambasula chikho, n'kudikira monga ndadikirira chibadwire. Manja anatuluka, anayandikana, anaima. Anayang'ana kumsewu ngati kukubwera munthu. Kulibe.

Analandira chete.

Ndabwerera kuno, ndakhala, khutu likadali komweko. Mwina mawa m'mawa ndikawapatsa phala awomba.