Dzenje M'nyumba ya Mayi Ako

Migowi, Phalombe

Mwana wanga Aliness,

Landira moni wanga, iwe pamodzi ndi amuna ako a Julius ndi ana onse. Mukudzuka bwanji kumeneko ku Mzuzu? Chifuwa chija chinamusiya wamng'onoyo? Ine kuno ndili moyo. Bondo lokha ndi limene limandikumbutsa m'mawa uliwonse kuti ndinabadwa kale.

Akundilembera ndi a Fraser, mlembi wa kutchalitchi kwathu. Ndawauza kuti alembe monga ndikulankhulira, asathiremo mchere wawo. Usadabwe kuti sindinaimbe foni. Pa foni ndi pamene ndinakunamiza, ndiye zoona zibwere papepala, uziwerenge utakhala pansi.

Choyamba, zikomo chifukwa cha bokosi lachitsulo lija unatumiza pa basi. Mu Januwale ndinakuuza kuti ndalimangirira kale. Linali bodza. Linangokhala pakona miyezi iwiri, mpaka nkhuku inayamba kuikira kuseri kwake.

Chiyambi chake ukuchidziwa. Nditapita kupolisi kukakonzetsanso layisensi ya mfuti, wapolisi woona za mfuti anandifunsa kumene imagona. Ndinamuyankha kuti kudenga, m'chiguduli, momwe yakhala ikugonera kuyambira iwe usanabadwe. Anapukusa mutu. Anati mfuti izikhala m'bokosi lachitsulo lokiya, lomangiriridwa kukhoma kapena pansi kuti mbala isathe kulisenza, zipolopolo zizikhala pazokha. Anandipatsa mpaka kumapeto kwa Marichi. Akadzapeza zinthu sizili choncho, mfuti ikatsala kupolisi.

Ndinamuuza kuti mfutiyi inayamba kuthamangitsa anyani a m'phiri la Michesi iye ali kumsana kwa amake. Anaseka, nati n'chifukwa chake akufuna isagwe m'manja mwa munthu wina. 

Ndinayesa ndekha. Ndinalikhomera kukhoma ndi misomali ikuluikulu isanu ndi umodzi, ndinakhutira nayo ntchito yanga. Kenaka ndinaitana a Hamidu, owotcherera zitsulo pa Migowi aja, kuti adzaone ndi kuyamikira. Iwo anagwira bokosi ndi dzanja limodzi, n'kukoka. Linazuka pamodzi ndi chidina chathunthu! Anati madala, apa mwamangirira mbuzi kuphesi. Anati khoma la zidina siligwira chitsulo. Chofunika n'kukumba dzenje pansi m'nyumba momwemo, kuthira konkire, kumizamo mabawuti anayi, bokosi n'kudzamangiriridwa pamenepo.

Apa ndi pamene mtima unandithawa, mwana wanga.

Iwe pano ndi kwanu. Ine ndine mkamwini. Nyumbayi ndinamanga ndi manja angawa, koma dothi limene yakhalapo ndi la mbumba ya mayi ako. Chimwalirire mayi ako Ennie chaka chatha, amalume ako a Laston, monga mwini mbumba, anali asananene kanthu za kundisudzula. Ndinkadziwa kuti tsiku lidzafika loti andikhazike pamphasa, andithokoze, andiuze kuti ndibwerere kwathu. Nanga munthu woyembekezera kusudzulidwa angathire bwanji simenti pansi pa eni ake? Kukapempha kukanakhala kuwakumbutsa.

Palinso china chimene sunachimvepo. Iwe uli wakhanda, pa ukwati wina, a Laston anandinena pagulu kuti ndine tambala wobwereka. Anthu anaseka. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti munthu ameneyu sindidzamupempha kanthu, ngakhale moto. Ndipo zaka zonsezi sindinamupemphe.

Ndiye maliro atangotha ndinayamba kuwathawa. Ndikangomva belu la njinga yawo, ndinkatulukira kuseri n'kulowa m'chimanga. Kutchalitchi ndinkachoka nyimbo yomaliza isanathe. A Fraser ndi mboni, akugwedeza mutu panopa.

Tsopano imva chimene chandilembetsa kalatayi. Marichi atafika pakati, ndinatsimikiza mtima kuti mfuti ndikaipereka ndekha kupolisi, kenaka ndinyamuke ulendo wa kwathu kuseri kwa Chiringa, asanandiuze munthu. Zovala ndinali nditalonga kale m'thumba. Ndinkadziwa bwino kuti kumeneko onse ondidziwa ali kumanda, ndipo adzukulu a mlongo wanga akanandilandira ngati mlendo wopempha madzi. Komabe ndinati bola kuchoka ndi miyendo yanga kusiyana ndi kulozeredwa njira. Iwe sindinakuuze. Ukanangomva kuti bambo ako kulibe. Undikhululukire.

A Hamidu pakamwa pawo sipatsekeka, ndipo lero ndikuthokoza Mulungu amene anawalenga choncho. Anakafotokoza nkhani yonse ya bokosi ndi dzenje kwa a Laston pamsika.

Lachiwiri m'mawa amalume ako anabwera wapansi. Njinga anaisiya dala, ndiye belu sindinalimve. Ndinangoona pakhomo pada, munthu waima ndi piki paphewa, kumbuyo kwake a Hamidu akukankha njinga yawo itasenza thumba la simenti. Pothawira panalibe.

Odi sanaodire n'komwe. Anati alamu, mwatitopetsa, munthu wodwala bondo amathamanga chonchi bwanji? Anati mbumba inakhala pansi kalekale, maliro atangotha, ndipo inagwirizana kuti kusudzula kulibe. Anati munthu amene anadwazika mlongo wawo zaka ziwiri, kumusambitsa, kumukweza pa njinga kupita naye kuchipatala dzuwa ndi mvula, sangauzidwe kuti kwanu ndi uko. Uthenga umenewu akhala akuyenda nawo miyezi isanu ndi iwiri, koma mwini wake amangoonetsa msana m'chimanga.

Aliness, miyezi isanu ndi iwiri ndinkathawa uthenga wabwino.

Ukudziwa bambo ako. Ndinayankha kuti ine sindinapemphe kanthu kwa munthu. Iwo anati akudziwa, ndipo ndisadzimve, sakuchitira ine, akuchitira chimanga cha mbumba, chifukwa anyani amaopa nkhope yanga kuposa mfutiyo. A Hamidu anaseka mpaka kutsamira khoma.

Kenaka maso awo anagwera pa thumba la zovala lija. Analiyang'ana, anandiyang'ana.  Anangolikankhira kunsi kwa bedi ndi phazi, n'kufunsa a Hamidu kuti akumbe pati.

Tinasankha pakona ya kuchipinda, pamene mayi ako ankaika sutikesi yawo. A Hamidu anati dzenje likafika m'chigongono n'lokwanira. Amalume ako anakana. Anati lifike m'bondo, kuti tambala ameneyu asadzaulukenso. Ndinafuna kukwiya, koma mkwiyo sunabwere. Munthu wa imvi ngati ine, thukuta lili chuchuchu, akukumba m'nyumba mwanga kuti ine ndikhale, ndikanamukwiyira bwanji? Ndinawalanda piki ija, ndinati akukumba ngati nkhuku, ndiwaonetse. Tinakumba mosinthana, tikunyozana, mpaka dzenje linakwana.

A Belita, akazi a amalume ako, anaitana azimayi a mbumba. Ena anatunga madzi, ena anasenza mchenga wa kumtsinje. Mayi ako aang'ono, amene ndinkayesa kuti sandifuna, ndiwo anaswa miyala. A Hamidu anathira konkire, anaimika mabawuti atayeza ndi mabowo a pansi pa bokosi, ndipo anandilamula kuti ndisakhudze masiku asanu ndi awiri, ndizingothirira madzi m'mawa ndi madzulo. Ine amene sindilamulidwa ndi munthu ndinamvera. Ndinathirira simenti ija ngati mbewu ya fodya.

Tsiku lachisanu ndi chitatu anabwera ndi sipanala, anakhazika bokosi, anamanga manati kuchokera m'kati, kuti wofuna kumasula ayambe watsekula loko. Ndinatsitsa mfuti kudenga, ndinaipukuta, ndinaiimika m'menemo. Zipolopolo zinalowa m'kachipinda kake kapamwamba kokhala ndi kiyi wakewake. Unasankha bwino bokosi, mwana wanga. Ndinalinyoza litangofika kuti likuoneka ngati la maliro a mwana, mawu amenewo ndawabweza.

Wapolisi uja anafika Lachinayi lapitali. Anagwira bokosi ndi manja awiri, anagwedeza, anaponda ndi nsapato, anakoka mpaka mitsempha kuoneka m'khosi. Bokosi lili zii. Anafunsa za makiyi, ndinamuonetsa chingwe cha m'khosi mwangamu. Anati madala onse akanakhala omvera msanga ngati ine, ntchito yake ikanapepuka. Ndinangoti zikomo, zinazo sindinamuuze. Ndinadinda chala papepala lake. Layisensi ndili nayo, ndipo dzulo anyani atatsika anandipeza kumunda.

Tsopano pempho langa ndi ili. A Hamidu ndinawathokoza. A Belita ndi azimayi onse ndinawathokoza mmodzimmodzi. Koma amalume ako sindinawathokozebe. Kawiri konse ndapita kwawo nditakonzeka, koma ndikangokhala pakhonde timayamba kukangana za mbewu ya nandolo, n'kubwerako osanena. Iwe sukulu inakutsekula pakamwa. Uwaimbire foni. Uwauze kuti bambo akuti zikomo, ndipo unene momveka kuti mawuwo achokera kwa ine, asayese kuti ndi ako. Akaseka, asiye aseke. Lamulungu ndikakhala nawo benchi limodzi mpaka nyimbo yomaliza ithe, pamenepo adzadziwa kuti sunapeke.

Undiperekere moni kwa a Julius ndi kwa makolo awo ukawaona. Ana uwauze kuti agogo awasungira nzimbe, asachedwe mpaka ziume. Mulungu amene anandisunga ine pouma mutu akusungeni nonse, akupatseni mphamvu pantchito ndi mtendere m'nyumba.

Sukulu zikatsekera, kwerani basi, mudzatsikire pa Migowi monga kale. Mudzandipeza pakhomo pa mayi ako.

Ndine bambo ako,
Noah Namakhwa
Chala chili m'munsichi ndi changa.