Zithunzi za mwezi wa Jupita

Lolemba, 4 Malichi

Chombo chopita ku mwezi wa Jupita chanyamuka lero. Mometera mwanga munadzaza, ena pawindo. Pa TV moto, utsi, kenako kadontho. Ndawauza onse kuti kamera ili m'menemo wapanga mwana wanga wamkazi, yekha, ndi manja awiri. Zoona zake alipo khwimbi, iye amayesa magalasi. Koma akafunse ndani?

A Dazi, odzameta tsitsi lomwe alibe, akuti nzeru anatengera mayi ake. Ndawayankha kuti chombo chikuvutikiranji kukafuna mwezi wosalala, mutu wawo uli pompano.

Kadontho kaja anzanga anakatsatira mpaka kutali. Ine chifunga chokhachokha. Ndinawomba nawo m'manja.

Lachinayi, 7 Malichi

Ndatema khutu la kondakitala. Wachiwiri sabata ino. Ndati ndi sitayilo yatsopano. Sanaseke.

Loweruka, 9 Malichi

Mwana waimba. Akuti mwezi wa Jupita umenewo pamwamba ndi ayezi, pansi pake nyanja, mwina muli zamoyo. Ndafunsa kuti zithunzi zifika liti, poti makasitomala ndawalonjeza phwando mwezi ukamatha, mabenchi ndabwereka kale. Waseka mpaka kutsamwa. "Bambo, si basi imeneyi. Ulendo wa zaka zisanu ndi zitatu." Ndati ndimangomuyesa.

Akuti chithunzi choyamba adzandisindikizira chachikulu ngati chitseko.

Lachitatu, 20 Malichi

Kuchipatala cha maso. Mayi akunyumba achita kundikoka ngati mbuzi. Dokotala akuti mitsempha ikufa, chapita chapita, mankhwala odontheza angochedwetsa. Diso lakumanzere latha. Lakumanja mwina zaka ziwiri. Ndamuuza kuti ine nsabwe ndimaiona pamutu pa munthu ali tsidya la msewu. Wangolemba zake.

Mabenchi ndabweza. Ndati chombo chaima panjira kumwa mafuta.

Lamlungu, 24 Malichi

"Mumuuze mwanayo, kapena ndimuuza ine." Mayi akunyumba, tsiku lonse. Ndimuuze chiyani? Abwerere, asiye ntchito, adzandigwire dzanja powoloka msewu? Chombo sichithamanga chifukwa choti wometa wina wafulumira.

Makasitomala ambiri asamukira kwa wometa wa pafupi ndi siteji. A Dazi okha akubwerabe. Pamutu pawo ngakhale wakhungu sangalakwitse.

Lamlungu, 31 Malichi

Mwana waimba ya vidiyo. Foni ndaiyandikiza mpaka pamphuno. Mawu ndi ake, nkhope ngati ili m'madzi.

"A katswiri, tsitsi langa mwaliona bwanji?" Ndayamba monga mwa nthawi zonse. Ndati malukidwe otere dziko lonse kulibe, wolukayo apatsidwe mendulo, zingwe zake zafika mpaka m'chiuno.

Zii. Ndimayesa netiweki.

"Bambo, ndameta mpala dzulo. Mukundiona?"

Mayi ake anali pakhomo la kukhitchini. Sanandithandize.