Kumwamba kwa Sitensulo

25 Okutobala 1971
Bambo mfumu andipatsa buku lakale la Chilatini. Akufuna nyimbo ya maliro isindikizidwe ndi mawu a Chichewa, pa Misa ya akufa. Manotsi ake ndi mizere inayi, timabokosi takuda tokwera ndi kutsika. Ndavomera msanga ngati wodziwa. A Ambrose, amene anandisiyira kwaya, ndiwo anawauza kuti ine ndimawerenga manotsi. Sindiwerenga. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuimbitsa ndi khutu, maso ali pa buku.

27 Okutobala
Tsiku lonse pa sitensulo, pepala lija losindikizira pa makina, rula ndi kachitsulo kolembera. Kukopera bokosi ndi bokosi. Kutentha kwa Balaka, thukuta kudonthera pa pepala. Zakongola ndithu.

28 Okutobala
A Enock, kalaliki wa parishi, asanataipe mawu pa sitensulo anandifunsa: "Aphunzitsi, kumwamba n'kuti?" Buku ndinali nditabweza. Ndinaloza osaphethira. Mapepala 200 apukusidwa pa makina.

31 Okutobala
Kwaya yaimba bwino. Amaidziwa pamtima, pepala n'lodzipepesera mphepo.

2 Novembala
Misa. A Ambrose abwera wapansi kuchokera ku Rivirivi, ndi ndodo yawo. Anayang'ana pepala nthawi yaitali, kenaka analizondotsa, mawu miyendo m'mwamba, n'kuyamba kuimba. Pomwepo ndinazindikira. Kwa a Enock kuja ndinaloza molakwika. Manotsi onse ndi ozondoka, ndipo m'tchalitchi monse wogwira bwino anali iwo okha.
Amayi a m'kwaya kugwirana m'nthiti. Mayi Anastasia anadzuka n'kukawatembenuzira pepala: "Agogo, maso atha awa." Anthu anaseka, pa Misa ya akufa. A Ambrose anangoti zikomo.
Ine ndinamwetulira nawo. Ndalemba kuti ndisadzakane.

3 Novembala
Bambo mfumu andiyamikira, samva za nyimbo. Akuti a Ambrose azikhala kumbuyo, akusokoneza kwaya. Ndinati chabwino.

6 Novembala
Sindinapite kokonzekera nyimbo. Ndinati malungo. Manyazi alibe jekeseni.

7 Novembala
A Ambrose anakhala benchi yomaliza, pafupi ndi chitseko. Sanaimbe. Potuluka anandigwira dzanja: "Samson, mabokosi aja unajambula bwino. Dzanja uli nalo." Basi. Bola akanandimenya ndi ndodo ija.

8 Novembala
Ndanyamula sitensulo ndi pensulo. Ndiyambira kwa bambo mfumu kukaulula, kenaka ku Rivirivi. Kwaya mwina andilanda. Kwa a Ambrose ndikangofunsa funso la a Enock lija, ngati angandiphunzitse.