Utsi wa Alusema

4 Marichi

Ndabwerako kumapiri kwa mng'ono wanga Casilda, kumene ndabisala miyezi inayi. Casildayo wabwera nane kudzandithandiza. Mimba yafika pakhosi, miyendo yatupa. Kutsidya kwa msewu palibe akudziwa. Ndasuzumira pazenera, uyo Nemesio, mwamuna wanga wakale, wanyamula mwana wa mkazi wake watsopano, Eulalia, ngati chikho cha mpira. Chaka chatha mayi ake, Doña Fredesvinda, anabwera pabenchi langa la zitsamba kudzagula alusema, mankhwala onunkhira ofukizira mdzukuluyo. Amvekere, "Ndiyezere wambiri, Dominga. Iwe ntchito yako n'kugulitsa basi, m'nyumba mwako sadzanunkhamo." Msika wonse kuseka. Sindinaiwale.

9 Marichi

Ndasankha alusema, lavenda wouma bwino, maluwa okhaokha. Pang'ono wa tiyi woziziritsa m'mimba ndikachira. Pang'ono wofukizira matewera, mwana asalowe mphepo. Thumba lotsalalo ndi la Doña, utsi ukamupeze kwawo.

Nyumba ikanunkha alusema, ngakhale chidakwa chimadziwa kuti mwabadwa mwana. Akaganize okha. Zaka khumi ndi chimodzi kwa Nemesio, dzina langa chumba. Chaka chimodzi kwa Chepe wophika buledi, mimba iyi. Ndiye wosabereka ndani? Nanga wa Eulalia uja ndi wa yani?

Casilda akuti, "Achemwali, utsi susankha nyumba. Mukufuna kuotcha nkhalamba, apse ndi wina." Ndamuuza asamale zake.

17 Marichi

Wamwamuna! Mphuno ya Chepe yeniyeni. Thupi lonse ngati yandiponda ng'ombe. Ndalira.

18 Marichi

Mphepo inalunjika kwawo kwa Doña. Ndinauza Chepe aike mbaula pakhomo penipeni, zitseko zonse zotsegula. Alusema pamakala mosaumira, kashuga pamwamba. Msewu wonse unatuluka. Doña pakhonde, mphuno m'mwamba, "Kwa ndani kumeneko?" Atawauza anangokhala pansi pa sitepe, kukamwa yasa. Ndaseka mpaka chilonda kuwawa. Mulungu andikhululukire mawa, lero ayi.

21 Marichi

Chepe wabwera nazo. Akuti pamasewera a domino amuna amukhalira Nemesio. Wina amvekere, "Bwanawe, mwana wakoyu makutu ake bwanji akufanana ndi a dalaivala wa basi?" Iye kugubuduza tebulo. Zimukwane! Ankandiyendetsa kwa asing'anga, ine kumeza zowawa, iye osalawa ndi dontho lomwe. Ndadya mbale ziwiri za mpunga ndi nyemba.

23 Marichi

Kukuwa kutsidya masana onse. Mbale kusweka. Doña akuponya zovala za Eulalia mumsewu, mawu omwe aja ankandilalatira nawo ine. Nkhalamba ija sinagwe, yangopeza wina womupondera. Nemesio naye anthu ayamba kumumvera chisoni, ati anapusitsidwa. Si mmene ndinkafunira. Mkaka ukuvuta kutuluka, mwana akungolira. Ndamwa tiyi wa alusema, mtima osatsika.

24 Marichi

Mvula chiyambire m'mawa. Eulalia ali pakhomo panga. Diso lotupa, nsapato imodzi, mwana m'manja akutsokomola, thupi moto. Kwawo n'kutali, kumalire. Ndinakonzekera kutukwanidwa, mawu anga ndinanola kale. Sanatukwane. Anangoti, "Mayi Dominga, nanenso anali atayamba kunditchula chumba. Ndinaona zimene anakuchitani. Ndikanatani? Mwanayu ndikamugoneke kuti?"

Casilda wandiyang'ana, n'kupita kukatenga bulangete. Bola akanandikalipira.

Ndimadana naye mkazi ameneyu. Anandilanda nyumba, anagona pabedi langa. Ndauza Chepe atereke madzi, atenge alusema wotsala uja, chifuwa cha mwanayo sichingadikire. Eulalia akadali chiimire pamvula. Sindinamuuze kuti alowe. Sindinamuuzenso kuti achoke.