Kapu ya Madzi Pamaso pa Alamu

Gabriel, mwana wa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ndi banja lonse kwathu ku Chiradzuluko. Kuno ku Milonde mvula yagwa, nandolo wamera. Ukhululuke malembawa, dzanja silindimveranso.

Lachiwiri kunabwera mayi wa kuchipatala kudzaona pamene nthenda yonjenjemerayi yafika. Anati ndimange mabatani a malaya, ndidzuke pampando osagwirira, ndimwe madzi m'kapu. Zonsezi pabwalo, alamu anga akuonerera. Madziwo anathera pathalauza. Atafunsa ngati ndimasamba ndekha, ndisanatsegule pakamwa a Moffat, achimwene a malemu mkazi wanga, anayankha kuti, "Awa atha, amayi, lembani choncho."

Chichokereni mayiyo, a Moffat njinga yanga anaitsekera m'nyumba mwawo, khasu anandilanda. Ngakhale kutchalitchi akundiletsa, ati ndingagwe panjira. Ndimangoswera pakhonde. Chonsecho mayiyo ananena kuti ndiziyendako tsiku lililonse, koma zimenezo palibe anazimva.

Ukudziwa kuti mudzi uno ndinangodzakwatiramo, ndipo amene ndinamutsatira anatisiya. Sindikupempha kanthu ayi. Ndingofunsa: kanyumba kaja ka malemu amayi ako kakadali ndi denga?

Ndine malume ako,
Danieli