Chithunzi cha nyenyezi chafika ku Chisepo

Chisepo, Dowa
3 Okutobala

Msuweni wanga Luckness,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kuyunivesite ku Joniko, ndipo khosi silinapindike ndi kuyang'ana kumwamba. Kuno tilipo, koma kutentha.

Chithunzi unatumiza chija chinafika. Mayi ako anandiitanitsa kuti ndiwamasulire, poti digiri yanga ikungodya choko kusekondale. Ndinawapeza ali pamphasa. Ndinafotokoza monga unalembera: nyenyezi yaikulu ikangobadwa m'kati mwa mtambo wa mpweya ndi fumbi, imalavula mpweya wothamanga koopsa mbali ziwiri, ndipo pamene mpweyawo wagunda mtambo pamatentha n'kuwala, ndiye zofiira zokongolazo. Anafunsa kuti, "Nanga mtambo wobalawo umatsala bwanji, Elifala?" Ine ndi uphunzitsi wangawu ndinayankha kuti umabalalika n'kutha. Anangoti "Oho," n'kutembenukira kukhoma. Pakamwa pangapa m'pofunika loko.

Za kumudzi, m'munda mwa mayi ako mizere sinayambike. A mphakati wa kutchalitchi masiku ano akumapempherera kwanu sabata iliyonse. Lachiwiri bambo mfumu anabwera pa njinga yamoto ndi kachikwama kaja ka mafuta odzozera odwala, ndipo sikuti anadzera mtedza. Mayi ako aang'ono a ku Nachisaka afika ndi zovala za mwezi wathunthu, iwo amene sagona kwa eni.

Mayi ako anandilumbiritsa kuti ndisakuuze kanthu mpaka umalize mayeso ako a Novembala, ndiye waona, sindinakuuze kanthu. Ndikungoti ngati umaganiza zodzadya nawo Khirisimasi, usadikire Disembala.

Ndatha ine msuweni wako,
Elifala